Air fryer ikamatentha mopitirira muyeso

Air fryer ndi kauvuni kamagetsi kamene kamaphika chakudya ndi mphepo yotentha. Dzina lake limanamiza pang'ono, chifukwa m'kati mwake mulibe mafuta owira okazingiramo. Chimene chilimo ndi chitsulo chopindidwa ngati nkhata, chotchedwa elementi, chimene chimafiira magetsi akadutsamo. Pamwamba pa nkhatayo pali fani imene imakankhira mphepo pansi, m'basiketi momwe muli chakudya. Mphepoyo imadutsa m'timabowo ta basiketi, kukweranso m'mbali, ndipo ina imatulukira pa timipata takumbuyo. Makina ambiri amafika madigiri 200 pa mphindi zochepa chabe. Amene anapanga makina oyamba a mtunduwu ndi Fred van der Weij wa ku Netherlands, ndipo kampani ya Philips inawaonetsa kwa anthu mu 2010 pa chionetsero cha IFA mumzinda wa Berlin.

Kutentha konseko kumachitikira m'kabokosi kamene kunja kwake n'kwapulasitiki. Kabokosika sikasungunuka chifukwa cha zinthu zitatu: mphepo imene fani imayendetsa, themositati imene imazimitsa ndi kuyatsa elementi kuti kutentha kusadutse pamene munthu watchera, ndi fyuzi ya kutentha imene imadula magetsi ziwiri zinazo zikalephera. Vuto la kutentha mopitirira limayamba pamene chimodzi mwa zitatuzi chafooka, kapena pamene magetsi olowa m'makinamo sali oyenera.

Ku Bauleni, komboni ya kum'mwera chakum'mawa kwa Lusaka m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill, makinawa amalowa m'nyumba m'njira zosiyanasiyana. Ena amagulidwa atsopano m'masitolo akuluakulu kapena ku Kamwala, ena amagulidwa ogwiritsidwa kale ntchito, ena amachokera kwa abwana a ku Kabulonga ndi Woodlands amene agula atsopano n'kupatsa wantchito akalewo, ndipo ena amatumizidwa ndi achibale a kunja. Amakondedwa chifukwa safuna mafuta ophikira ambiri, omwe anthu a ku Lusaka amawatcha saladi, ndipo amaphika msanga kuposa kuyatsa mbaula ndi kudikira malasha kuti akolele. Koma amene anapanga makinawa ankaganizira khitchini yotakasuka, ya masoketi ambiri ndi magetsi osasinthasintha. Nyumba yalendi ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, ya denga la malata, soketi imodzi ndi mita yogawana ndi mabanja ena pa poloti, imabweretsa mavuto amene kabuku ka m'katoni sikawatchula.

Zizindikiro zake

Mawu oti "ikutentha kwambiri" amanenedwa pa zinthu zinayi zosiyana, ndipo chilichonse chimaloza kwina. Pali makina amene amazima okha chakudya chisanapse, n'kudzayakanso akazirala. Pali amene amapsereza chakudya kunja m'kati muli mwamuwisi, ngakhale atatcheredwa pa madigiri otsika. Pali otulutsa utsi. Ndipo pali amene amanunkha pulasitiki wopserera, nthambo kapena pulagi yake ili yotentha yosagwirika. Mwa zinayizi, choopsa kwambiri n'chomalizachi, ndipo chosaopsa kwambiri n'choyambacho, chifukwa makina ozima okha akuonetsa kuti chitetezo chake chikugwira ntchito.

Kutentha kwina n'kwachibadwa. Mphepo yotuluka kumbuyo imawotcha dzanja, ndipo ndi momwe iyenera kukhalira. M'mbali mwa makina mumafunda pophika. Makina atsopano amatulutsa kafungo ka kufakitale maulendo awiri kapena atatu oyambirira, kenako kafungoko kamatha. Fungo limene likukulirakulira m'malo mochepa ndilo lokayikitsa.

Chizindikiro chilichonse chikaoneka, choyamba ndi kuzimitsa pakhoma, kuzula pulagi, ndi kusiya makinawo kwa theka la ola. Ngati m'kati mwabuka moto, basiketi siyenera kusololedwa, chifukwa mpweya wolowa umakoleza malawi. Madzi sathiridwa: pa mafuta oyaka amamwaza motowo, ndipo pa magetsi amapha. Ngati pulagi siingafikidwe, magetsi azimitsidwe pa bokosi la maswichi la nyumba. Moto ukatulukira kunja kwa makina, anthu atuluke m'nyumba ndi kuimbira ozimitsa moto pa 993.

Pulagi, adaputa ndi soketi

Kufufuza kumayambira pakhoma, chifukwa ndi pamene pamapezeka mavuto ambiri, ndiponso otsika mtengo kuwakonza. Magetsi a m'nyumba ochokera ku kampani ya ZESCO ndi a mavoti 230. Air fryer zambiri zimafuna mawati pakati pa 1,200 ndi 2,000, ndipo chiwerengero chenichenicho chimalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kapena kumbuyo. Makina a mawati 1,500 amakoka maampu pafupifupi 6.5. Pulagi ya mano atatu amakona, imene ndi yofala m'Zambia, inapangidwira maampu osapitirira 13, kutanthauza mawati pafupifupi 3,000. Air fryer yokha ili mkati mwa malirewo. Koma ketulo ya mawati 2,000 imakoka maampu oposa 8, ndipo ziwirizi zikalumikizidwa pa ekisitenshoni imodzi zimafika maampu 15. Pakawonjezeredwa simbi, nthamboyo imafewa ngati phula.

Izi zimachitika kawirikawiri pa nthawi imene magetsi akuzimazima. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, ndipo pofika Seputembala madera ambiri a Lusaka ankaona magetsi maola atatu okha pa tsiku. Malaiti akabwera m'nyengo yotere, chilichonse chimayatsidwa nthawi imodzi: wina akusita, wina akuwiritsa madzi, mafoni ali pa tchaja, firiji yayamba kulira, ndipo nkhuku ili m'basiketi. Zonsezo zimadutsa pa soketi imodzi. Munthu akanunkhiza pulasitiki amaloza chala air fryer, chonsecho chimene chikupsa ndi ekisitenshoni ili pansi pa tebulo.

Vuto lina ndi kukhwefuka. Magetsi akamadutsa pamalo pamene zitsulo ziwiri sizinagwirane bwino, malowo amatentha, ndipo kutenthako kumakula mofulumira maampu akamachuluka: maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake soketi yokhwefuka imene yakhala ikutchaja foni kwa zaka popanda vuto imatha kuda ndi kusungunuka tsiku loyamba kulumikizidwa ku air fryer. Makina ambiri ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu akuluakulu obulungira, imene siilowa m'soketi ya mano amakona, ndipo anthu amagula kaadaputa kotchipa kapena kuwirikiza maadaputa awiri. Ena amadula pulagi n'kulowetsa mawaya opanda kanthu m'mabowo a soketi, kuwapanikiza ndi mitengo ya machesi. Njira imeneyi imachotsa fyuzi ndi waya wa ethi nthawi imodzi, ndipo pa chipangizo chokoka magetsi ochuluka chonchi ndi kuitana moto.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Makina akaphika mphindi khumi, azimitsidwe pakhoma, pulagi izulidwe, ndipo pulasitiki wake akhudzidwe. Kufunda pang'ono si vuto. Ngati ndi yotentha moti chala sichingakhalepo, kapena mano ake ada, kapena pozungulira mabowo a soketi pachita bulauni, ndiye kuti vuto lili pamenepo. Mankhwala ake ndi pulagi yatsopano ya mano amakona yokhala ndi fyuzi ya maampu 13, yomangidwa bwino timasikuluwu take, ndi soketi yapakhoma imene air fryer ikhale yokha ikamagwira ntchito. Soketi yakuda iyenera kusinthidwa ndi wodziwa zamagetsi, chifukwa zitsulo zake zikatentha kamodzi zimataya mphamvu yogwira mano a pulagi. Nthambo yosupuka, yolumidwa ndi makoswe kapena yolumikiza ndi tepi nayonso imasinthidwa yonse.

Magetsi olowa

Kapepala kakunsi kaja kali ndi chiwerengero china chimene ogula makina akale ndi olandira mphatso zakunja ayenera kuchiwerenga asanalumikize. Makina a ku Zambia, South Africa, United Kingdom ndi mayiko a ku Ulaya amalembedwa 220-240V. Makina a ku United States ndi Canada amalembedwa 120V, ndipo a ku Japan 100V. Adaputa imangosintha maonekedwe a mano, siisintha mavoti. Elementi imene inapangidwa kuti itulutse mawati 1,500 pa mavoti 120 ikapatsidwa mavoti 230 imatulutsa mawati oposa 5,000. Imafiira nthawi yomweyo, injini ya fani imapsa, ndipo fyuzi ikapanda kuduka msanga pulasitiki amayamba kudontha. Makina otere alibe chilema chilichonse chofunika kukonza, angolumikizidwa ku magetsi amene si awo. Thiransifoma yotha kunyamula mawati ochuluka chonchi ndi yolemera, ndipo kawirikawiri mtengo wake umapangitsa kuti kugula makina ena kukhale kwanzeru.

Ngakhale makina a mavoti oyenera amavutika magetsi akamasinthasintha. Mavoti akakwera ndi magawo 10 pa 100, mphamvu ya elementi imakwera ndi magawo 21 pa 100. Themositati yabwino imathana nako kukwera kotere pozimitsa elementi pafupipafupi, koma kabolodi ka zamagetsi ka m'makina a mabatani sikapirira kwambiri. Mavoti akatsika, monga zimachitikira madzulo m'makomboni momwe thiransifoma imodzi imadyetsa nyumba zambiri, elementi siitentha mopitirira, koma fani imafooka, ndipo fani imene inali kale yolemedwa ndi mafuta ikhoza kulephera kuzungulira. Choopsa kuposa zonse ndi kuduka kwa waya wa nyutulo panja, kaya chifukwa cha kubedwa kwa mawaya kapena kukhwefuka pa pholo. Zikatere nyumba zina zimalandira mavoti otsika kwambiri pamene zina zimalandira oyandikira 400. Chizindikiro chake ndi mababu owala modabwitsa kapena ophulika, anansi akudandaula kuti awo akungofiira. Pamenepo zipangizo zonse zizulidwe ndipo a ZESCO adziwitsidwe.

Kuzima kwa magetsi chakudya chili pakati nako kumasiya chipsera. Makina ambiri a mabatani amasiya fani ikuzungulira kanthawi elementi itazima, kuti kutentha kotsala kutuluke. Magetsi akangoti phethi, fani imaima pomwepo, ndipo kutentha kwa elementi kumakwera m'mwamba momwe muli injini, mawaya ndi fyuzi. Kamodzi sikuwononga kanthu, koma kubwerezabwereza kumakalambitsa zinthuzo. Magetsi akazima ndi bwino kuzula pulagi ndi kusolola basiketi kuti kutentha kutulukire pansi, ndipo akabwera kudikira mphindi zingapo asanalumikizenso. Jenereta yaing'ono ndi invata ya sola ya mawati ochepa sizikwanitsa makinawa.

Njira ya mphepo

Pakhoma pakapezeka kuti palibe vuto, maso atembenukire pamene makinawo akhala. Mphepo yozizira imalowera pamwamba, yotentha imatulukira kumbuyo. Opanga ambiri amalangiza mpata wosachepera masentimita 10 kumbuyo, m'mbali ndi pamwamba. M'chipinda chimene bedi, kabati, ndowa za madzi ndi mapoto zikulimbirana malo, air fryer imakankhidwira pakona, kumbuyo kwake kutagunda khoma, kapena kulowetsedwa m'shelefu ya kabati ya mbale. Mphepo yotentha imagunda khoma n'kubwerera pamwamba, makina n'kuikokanso, ndipo amakhala akupuma mpweya wawo womwe mpaka chitetezo chitawazimitsa. Kansalu kokongoletsa kamene amayi ambiri amayala pa wailesi ndi pa TV sikayenera kukhala pa air fryer ikamaphika, chimodzimodzinso mbale, buledi kapena foni. Katani yolekanitsa chipinda ndi nsalu ya pazenera zikhale kutali. Pansi pake pakhale polimba ndi posalala. Matiresi, mpando wa sofa ndi tebulo loyalidwa pulasitiki si malo ake.

Nyengo imawonjezerapo. M'mwezi wa Okutobala kutentha kwa masana ku Lusaka kumadutsa madigiri 30, ndipo pansi pa malata opanda siling'i kumaposa pamenepo. Makina amene amaphika bwinobwino mu Juni akhoza kuyamba kuzima okha mu Okutobala, makamaka akamaphika ulendo wachitatu kapena wachinayi osapuma. Amene amagulitsa tchipisi, masoseji kapena mapiko a nkhuku pa kantemba amakumana ndi zimenezi kawirikawiri, chifukwa makina a m'nyumba sanapangidwire kuyaka tsiku lonse. Kupumitsa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu pakati pa maulendo, basiketi ili panja, kumathetsa vutoli nthawi zambiri. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limatseka timipata tolowera mphepo, makamaka likasakanikirana ndi nthunzi ya mafuta, ndipo limachotsedwa ndi mswachi wakale wouma. Mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina ndi fungo la chakudya, ndipo zikamanga pa kabolodi zimatha kulumikiza timawaya tosayenera kukhudzana.

M'basiketi momwemo mphepo imathanso kutsekeka. Banja likakhala lalikulu, nthawi ya magetsi ili yochepa, munthu amadzaza mbatata mpaka pakamwa. Zapamwamba zimayandikira elementi n'kupserera, zapansi zimangofunda, ndipo wophika amaganiza kuti makina akutentha mopitirira pamene angodzazidwa mopitirira. Basiketi zambiri zili ndi kamzere kolembedwa MAX. Pepala lophikira makeke kapena foyilo yoyalidwa pansi ponse imatseka timabowo, ndipo pepala likakhala lopanda chakudya cholipsinja limaulutsidwa ndi fani n'kukakamira pa elementi, pomwe limayaka.

Mafuta ndi utsi

Utsi woyera kapena wotuwira, wonunkha chakudya, pafupifupi nthawi zonse umachokera ku mafuta. Masoseji a Hungarian, nyama ya nkhumba ndi khungu la nkhuku zimatulutsa mafuta ambiri, ndipo fani imawawaza m'mwamba pa elementi ndi pa chitsulo chili kuseri kwake. Anthu ambiri amatsuka basiketi koma sayang'ana kudenga la makina. Kumeneko mafuta amaunjikana mwezi ndi mwezi, amada, amalimba ngati phula la pamsewu, ndipo ulendo uliwonse amafuka. Akachuluka amakuta sensa ya kutentha, imene imayamba kuchedwa kumva, amalemetsa mapiko a fani, ndipo tsiku lina amayaka.

Potsuka, makina azulidwe ndi kuzizira, basiketi ichotsedwe, ndipo makinawo agadamitsidwe pa nsalu kuti elementi ioneke. Ipukutidwe ndi kansalu konyowetsedwa m'madzi ofunda a sopo n'kufinyidwa bwino. Pamene mafuta alimba papakidwe phala la soda wosakaniza ndi madzi pang'ono, lisiyidwe mphindi makumi awiri, kenako litsukidwe ndi mswachi wofewa. Madzi asathiridwe m'kati, ndipo thupi la makina lisaviikidwe m'beseni. Waya wotsukira mapoto, mchenga ndi phulusa zimakanda utoto wosamata wa basiketi, choncho n'zosayenera. Makina aume kotheratu asanayatsidwe. Pophika zonona, madzi okwana masupuni awiri kapena atatu othiridwa pansi pa basiketi amaletsa mafuta odontha kufuka, ndipo mafuta otsala akhuthulidwe ulendo uliwonse.

Utsi wakuda kapena wabuluu, wonunkha mphira kapena waya, ndi nkhani ina. Umenewo si wa chakudya, ndipo makina otulutsa utsi wotere asayatsidwenso asanatsegulidwe ndi mmisiri.

M'kati mwa makina

Zonse zakunja zikakhala bwino koma vuto likupitirira, chotsala ndi zam'kati. Zinthu ziwiri mwini wake akhoza kuziyesa popanda kumasula sikuluwu.

Choyamba ndi fani, ndipo imayesedwa ndi khutu. Fani yabwino imayamba kulira makina akangoyatsidwa, ndi phokoso losalala, ndipo kumbuyo kumatuluka mphepo yamphamvu. Ikamangong'ung'udza osazungulira, ikamachedwa kuyamba, ikamakhulana ndi chinthu kapena kulira ngati njinga yopanda girisi, makinawo azimitsidwe nthawi yomweyo. Elementi yoyaka popanda fani imawononga makina pa mphindi zochepa. Makina atazulidwa ndi kuzizira, kamtengo kowonda kakhoza kulowetsedwa pakati pa nkhata ya elementi n'kukankha phiko limodzi. Liyenera kuzungulira mosavuta. Ngati n'lolimba, mafuta ouma kapena fumbi zagwira mtsitsi wa injini, kapena kachidutswa ka foyilo kakodwa pakati.

Chachiwiri ndi kuona ngati kutentha kukugwirizana ndi nambala yotcheredwa. Themomita ya uvuni yoikidwa m'basiketi imayankha funsoli. Popanda themomita, shuga amathandiza, chifukwa amasungunuka pa madigiri pafupifupi 186. Supuni imodzi ya shuga iikidwe m'kakapu kachitsulo, makina atcheredwe pa madigiri 160, ndipo ayake mphindi 15. Shugayo akapezeka atasungunuka n'kusanduka bulauni, ndiye kuti m'katimo mukutentha kwambiri kuposa zimene nambala ikunena. Pa makina okhala ndi kanyale kosonyeza kuti elementi yayaka, kanyaleko kamayenera kuzima ndi kuyaka mosinthana kutentha kukafika. Kakamangoyakabe osazima ngakhale pa madigiri otsika, elementi siikupuma.

Chifukwa chake chimasiyana malinga ndi mtundu wa makina. A mawilo opotokola ali ndi themositati ya zitsulo ziwiri zomatikizana, zimene zimapindika zikatentha n'kulekanitsa timilomo ta magetsi. Timilomoto timathetheka pang'ono nthawi iliyonse tikalekana, ndipo pakapita zaka timatha kuwotcherana n'kumatirira. A mabatani ali ndi sensa yaing'ono ngati kambewu, imene imauza kabolodi za kutentha, ndipo kabolodiko kamayatsa ndi kuzimitsa elementi kudzera pa rile. Sensa ikaduka kapena ikachita shoti, makina ambiri amaonetsa E1 kapena E2, ngakhale tanthauzo la zilembozi limasiyana kampani ndi kampani, kotero kuti kabuku ka makinawo ndiko koyenera kufunsidwa. Rile nayo imatha kumatirira, ndipo chizindikiro chake choopsa ndi elementi imene imatentha pulagi ikangolowa, batani lisanadinidwe.

Izi ndi za mmisiri wokhala ndi mita yoyezera. Amisiri okonza masitovu, simbi ndi maketulo, amene amapezeka m'misika ya m'makomboni ndi m'tauni, amazidziwa zida zimenezi chifukwa n'zofanana ndi za zipangizo zinazo. Elementi ya mawati 1,500 pa mavoti 230 iyenera kuwerenga maomu pafupifupi 35. Ikawerenga ochepa kwambiri, kapena ikapezeka kuti ikulumikizana ndi chitsulo cha thupi la makina, yawonongeka. Mmisiri wosamala amayang'ananso malo onse amene mawaya amalumikizana, kufuna akuda kapena osungunuka. Malo amenewa si ochepetsa. Mu Febuluwale 2023 kampani ya Cosori inaitanitsa air fryer zoposa 2 miliyoni ku United States, Canada ndi Mexico chifukwa cha polumikizira waya pamene pankatentha, bungwe loona za chitetezo cha katundu ku United States litanena za madandaulo 205 a makina oyaka, osungunuka ndi ofuka utsi. Katundu wakale amayenda mitunda yaitali, choncho wolandira makina akunja angachite bwino kufufuza nambala ya modelo yake pa intaneti.

Chida chomaliza ndi fyuzi ya kutentha, kachitsulo kakang'ono kobisika m'kachubu pafupi ndi elementi kapena injini. Imaduka kamodzi kokha, ndipo ikaduka makina amafa: nyale siziyaka, fani siilira. Apa ndi pamene pamachitikira cholakwa chachikulu pa ntchito yonseyi. Mwini makina amafuna atenge katundu wake tsiku lomwelo, fyuzi yolingana palibe, ndipo wokonza amalumikiza kawaya m'malo mwake. Makina amayaka, ndalama zimalipidwa, aliyense n'kukondwa. Koma fyuziyo sinaduke yokha. Inaduka chifukwa fani inaima kapena themositati inamatirira, ndipo vuto limenelo likadalipo, pamene chotchinga chomaliza chachotsedwa. Kukonza koyenera ndi kupeza chimene chinaidula, kuchikonza, ndi kuika fyuzi ina ya madigiri ndi maampu ofanana ndi olembedwa pa yakaleyo. Fyuziyi imamangidwa popanikiza ndi kachitsulo, chifukwa kutentha kwa chowotcherera mtovu kumatha kuidula isanagwire n'komwe ntchito. Mwini makina ali ndi ufulu wofunsa kuti aone fyuzi yakale ndi yatsopano.

Kukonza kapena kutaya

Pulagi, nthambo, fyuzi, themositati ndi injini ya fani ndi zinthu zosinthika. Makina amene akadali pa waranti asamasulidwe, abwezedwe kusitolo pamodzi ndi lisiti, ndipo wogulitsa akakana popanda chifukwa, dandaulo limapita ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe la boma loteteza ogula m'Zambia. Makina amene pulasitiki wake wapindika kapena wasungunuka pafupi ndi elementi, amene basiketi yake siitsekanso bwino, amene amagwira munthu akawakhudza, kapena amene anayakapo moto m'kati, sayenera kukonzedwa. Chimodzimodzinso basiketi imene utoto wake wosamata ukusupuka n'kumagwera m'chakudya, pakuti utoto wa mtundu wa PTFE umayamba kuwonongeka pa madigiri oposa 260, ndipo kutuwa kapena kutukusira kwake kungakhale chizindikiro choti makinawo anadutsa kale malire. Potaya makina otere nthambo yake idulidwe, kuti wotola kudzala asakawagulitse kwa wina.